Zengerezu pa Msewu wa Radford

Kope ili ndinagula chaka chimene ndinafika,
paundi imodzi, chikuto chobiriwira.
Patsamba loyamba ndinalemba dzina lonse,
Ndaziona Kachiwanda,
n'kudula mzere pansi pake
ngati munthu wodziwa kumene akupita.

Kenako kope linayamba kudyeka chakumbuyo:
anyezi, mafuta, matewera,
nambala ya landilodi,
ndalama za viza, zochotsa, zotsala, zosakwana.
Masamba oyera atsala pakati
ngati munda umene anansi amaubera mzere chaka ndi chaka.

Zengerezu ndinakwera naye ndege pa Chileka.
Palibe anamufunsa pasipoti.
Kwathu amati adalinda kwawukwawu,
kuno ku Nottingham adalinda sofa wanga,
salipira lendi, koma pakamwa ndiye pokoma:
dikira kuzizira kuthe, zala zauma,
dikira mwana ayambe sukulu,
dikira ugule tebulo, mlembi weniweni salembera pantchafu.
Tebulo ndinagula.
Lero pali makalata a khonsolo
ndi mulu wa masokosi osowa anzawo.

Usiku ndimatembenuza nkhalamba ku Beeston,
maola awiri aliwonse, kumanzere, kumanja,
n'kulemba m'buku la ntchito:
wamwa theka la kapu, wagona bwino,
wafunsanso za mkazi wake.
Mwaona? Kulemba ndimalemba.
Zaka zinayi ndalemba tulo ta anthu ena
osaphonya tsiku,
chifukwa m'mawa pali wina amawerenga n'kusayina.
Zanga ndani angasayine?

Lachitatu makina ochapira anafa.
Ndinasenza zovala mpaka kochapira kwa pa Radford,
m'kamvula ka kuno, kosagwa, kosaleka,
foni itatha moto m'thumba.
Ndinaponya makobidi, chitseko chinati khwe,
kagalasi kanayaka: 38.

Mphindi makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu
zopanda mwini.

Kope ndinalitulutsa kuti ndione ngati sopo ndinamulemba.
Linatseguka pakati.
Zengerezu anati, pano? Pabenchi pano?
Ndi bolopeni yotola kuntchito?
Ndinati, iwe, taonerera yunifolomu ikuzungulira.

Ndinalemba: Bambo ankakonza mawailesi pakhonde ku Limbe.
Chiganizo chopanda mchere.
Ndinachisiya chomwecho, n'kuika china pansi pake:
fungo la mtovu wosungunuka,
mmene ankanyambitira chala asanakhudze waya,
wailesi ya Abiti Sumani imene inakhala zaka zitatu
mwini wake osabwera,
bambo n'kumaipukutabe fumbi Loweruka lililonse.
Ndinali nditaiwala kuti ndikudziwa zimenezi.

Pa 19 tiramu inadutsa, galasi linanjenjemera.
Pa 11 mayi wina anandipempha chenje,
ndinamupatsa osadzutsa mutu.
Pa 3 m'maso munali mukuyabwa,
mwina ndi sopo.
Makina analira. Masamba awiri ndi theka,
zilembo zokhota ngati mapazi a nkhuku.

A kunyumba aja landilodi anakonzetsa Loweruka.
Bambo a Mayeso akudabwabe
kuti Lachitatu lililonse ndimamanga mtolo n'kutuluka.
Ndimati mabulangete salowa m'makina athu.
Ndi bodza laling'ono.
Mapaundi asanu pa sabata:
lendi ya ofesi yanga.

Si sabata zonse zimabala.
Lina ndinangolemba mizere inayi n'kufufuta itatu.
Lina ndinagona, kope pamtima, kukamwa yasa,
mpaka mwini malo anandigwedeza phewa.
Koma kuchokera pakati
bambo akukankha anyezi ndi matewera,
malire akubwerera pang'onopang'ono,
ndipo posachedwa wina adzasowa pokhala.

Zengerezu amanditsatabe, sanafe ayi.
Amakhala pambali panga, jekete litanyowa,
akuti, bwanji tiyambe sabata yamawa, utapuma bwino?
Sindikangana naye.
Ndimamukhuthulira masokosi pamiyendo
kuti afunefune anzawo,
ine n'kuvundukula bolopeni.

Kagalasi kakuti 37.